Dzala la ku Arcata Linasanduka Mudzi wa Mbalame

Munthu amene ankafika m'mphepete mwa nyanja kumwera kwa tauni ya Arcata kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 sankachedwa kubwerera, chifukwa mphuno ndiyo inkayamba kumuuza kuti wasochera. Arcata ndi tauni yaing'ono ya kumpoto kwenikweni kwa California, ku America, dera la mitengo italiitali ya redwood ndi nkhungu yosachoka msanga, ndipo ngakhale lero anthu ake sakwana 20,000. Inamangidwa pamutu pa Humboldt Bay, chigawo cha nyanja chotchingidwa ndi mchenga, chomwe chimakumana ndi nyanja yaikulu ya Pacific pa khomo limodzi lopapatiza. Kalekale m'mphepete monsemo munali madambo a madzi amchere a anthu a mtundu wa Wiyot. Obwera atafika m'zaka za m'ma 1850 anamangapo doko lotumizira matabwa, kenako anatchinga madambowo ndi makoma a dothi kuti apeze msipu wa ng'ombe. Makampani ocheka matabwa anakumbapo dziwe loviikamo zipika. Malonda a matabwa atazilala, macheka analeka kulira, nyumba zake n'kuyamba kugwa zokha. Pomaliza anatsegulapo mtaya wa zinyalala za chigawo chonse, ndipo pamene ankautseka mu 1973 unali utakula n'kusanduka kaphiri, kamene eni tauni anakatcha Mount Trashmore. Pambali pake panali maiwe a suweji okwana maekala 55, okumbidwa mu 1957, obiriwira ndi ndere, amene madzi ake ankathera m'nyanjamo.

Lero pamalo omwewo pali Arcata Marsh and Wildlife Sanctuary, maekala 307 a madambo, maiwe ndi tinjira ta oyenda pansi totalika pafupifupi makilomita 8, ndipo mitundu ya mbalame yoposa 300 yaonekapo. Suweji ya tauni yonse ikudutsabe pomwepo tsiku ndi tsiku, ndipo ndiyo imadyetsa dambolo. Nkhani imeneyi imandikondweretsa kuposa nkhani zambiri za uinjiniya, makamaka chifukwa pakati pake penipeni pali aphunzitsi awiri a pa yunivesite ndi ophunzira awo ovala nsapato za jombo.

Zinayamba ndi lamulo. Mu 1972 dziko la America linakhazikitsa Clean Water Act, lamulo lokakamiza mizinda kuyeretsa madzi a m'zimbudzi mokwanira isanawataye. Mu 1974 California inawonjezerapo lake: suweji isatayidwenso m'zigawo za nyanja zotsekeka ngati Humboldt Bay, pokhapokha wotayayo atasonyeza kuti madzi akewo akupindulitsa malo omwe akuwalandira. Kunena zoona panali chifukwa chomveka, pakuti m'nyanjamo amawetamo nkhono za oyster zochuluka zimene anthu a ku California amadya, ndipo palibe angakonde nkhono yokulira m'madzi a m'chimbudzi. Akuluakulu anabwera ndi yankho la masiku amenewo: fakitale imodzi yaikulu ya matauni onse ozungulira, ndi mapaipi aatali, ena odutsa pansi pa nyanjayo, okatula suweji kutsidya kuti ikatayidwe ku Pacific. Mtengo woyamba kutchulidwa unali madola 25 miliyoni, ndipo unkangokwera. Anthu a ku Arcata anaona zambiri zosawakomera. Ndalama zinali zambiri kwa tauni yaing'ono, magetsi opopera suweji mtunda wonsewo akanakhala ngongole yosatha, paipi yapansi pa madzi m'dera la zivomezi inali yoopsa, komanso paipi yodutsa m'minda ya pakati pa Arcata ndi tauni yoyandikana nayo ya Eureka ikanaitana nyumba ndi masitolo kudzadya msipu wonse. Koma kukana kokha sikukanawathandiza. Boma linkafuna njira ina yotsimikizika, yokhala ndi manambala.

Mwayi wa Arcata unali pamwamba pa chitunda cha m'tauni momwemo, pomwe pali yunivesite imene nthawiyo inkatchedwa Humboldt State, ndipo kuyambira mu 2022 imatchedwa Cal Poly Humboldt. Kumeneko kunali Pulofesa George Allen, mphunzitsi wa za nsomba, amene kuyambira mu 1969 ankachita chinthu chimene ambiri ankangochipukusira mitu. Ankaweta ana a nsomba za salmon m'timaiwe ta pafupi ndi suweji, m'madzi osakaniza a m'nyanja ndi a m'maiwe aja. Kaganizidwe kawo kanali kolunjika bwino: zonyansa za munthu ndi chakudya cha ndere, ndere ndi chakudya cha tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi, ndipo tizilomboto ndi chakudya cha nsomba. Salmon ndi nsomba yosachedwa kufa madzi akaipa, tsono kukula kwake m'madzi amenewo kunali umboni woyamba woti chimene tauni inkachiona ngati chotaya chikhoza kulera moyo.

Mu 1975 kunabwera wachiwiri, Pulofesa Robert Gearheart, amene anadzaphunzitsa mu dipatimenti ya uinjiniya wa zachilengedwe. Iwo ankadziwa sayansi ya zamoyo komanso masamu a mapaipi ndi mathanki, ndipo anaona kuti yankho lingakhale dambo lenilenilo, lochita kukumba ndi kudzala mwadala, lomalizitsa ntchito imene maiwe a suweji ankaisiyira panjira. Anagwirizana ndi a Frank Klopp, mkulu woyang'anira ntchito za zomangamanga ku khonsolo, ndi a Dan Hauser, khansala amene anadzakhalanso meya. Anthu anayiwa anagwira mawu aja a m'lamulo, akuti madzi otayidwa apindulitse malo, n'kunena kuti: tikatenga suweji yathu n'kubwezeretsa nayo madambo amene makolo athu anawaononga, mbalame zikabwerera, ana asukulu akapeza pophunzirira, kodi kumeneko si kupindulitsa? Akuluakulu a zamadzi sanakhutire msanga, ndipo sindiwaimba mlandu, chifukwa nthawi imeneyo kuyeretsa suweji ya tauni ndi dambo lokumba kunali kusanazolowereke. Mu 1979 analola kuti Arcata iyese kaye pang'ono ndi kubweretsa umboni.

Apa ndi pamene ntchito ya uphunzitsi wa pa yunivesite inaonetsa mphamvu yake yonse. A Gearheart ndi ophunzira awo anakumba timadambo toyesera tondondozana, kalikonse mamita 6 m'lifupi ndi mamita pafupifupi 60 m'litali. M'kati anadzalamo njedza, yofanana ndi ija yodzaza m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, pamodzi ndi zomera zina za m'dambo. Kenako anayamba kusinthasintha zinthu, kadambo aka madzi akuya, ako osaya, aka madzi othamanga, ako oyenda pang'onopang'ono, kuti aone chimene chimachitika kwenikweni. Kwa zaka zingapo, mvula kapena chisanu, ophunzira ankatsika ndi mabotolo kukatunga madzi polowera ndi potulukira pa kadambo kalikonse, n'kukwera nawo ku labotale.

Zimene ankayeza ndi zimene wophunzira aliyense wa uinjiniya wa zachilengedwe amaphunzira, kaya ali ku California kaya ku Blantyre. Choyamba ndi muyeso wotchedwa BOD. Umathira madzi m'botolo, kuyeza mpweya wa okosijeni umene uli m'madzimo, kutseka botolo osasiyamo ndi kathovu komwe, n'kuliika mu mdima pa madigiri 20 kwa masiku 5. Mabakiteriya amene ali m'madzimo amadya zonyansa, ndipo podya amagwiritsa ntchito okosijeni. Ukayezanso pa tsiku lachisanu, okosijeni amene watha amakuuza kuchuluka kwa zonyansa zimene zinalimo. Suweji yongotuluka kumene m'nyumba imatha kufika mamiligalamu 200 pa lita kapena kuposa, pamene lamulo la America limafuna kuti madzi otayidwa asapitirire 30 pa avereji ya mwezi. Chachiwiri ndi tinthu toyandama m'madzi: umasefa madzi pa kapepala kosefera, kukaumitsa mu uvuni, n'kukayeza pa sikelo. Apanso malire ndi mamiligalamu 30 pa lita. Chachitatu ndi kuwerenga mabakiteriya ochokera m'matumbo a anthu. Ndi ntchito yobwerezabwereza, yofuna dzanja losanjenjemera ndi kope losaphonya tsiku, ndipo mphunzitsi wabwino amadziwa kuti wophunzira amene wayeza botolo la m'tauni yake, podziwa kuti nambala yakeyo ikawerengedwa pamaso pa akuluakulu a boma, saiwalanso phunzirolo moyo wake wonse.

Manambala aja anaulula zinthu zosangalatsa kwambiri. Vuto la maiwe a suweji linali ndere. M'dziwe lotseguka, dzuwa limameretsa ndere, ndere imatulutsa okosijeni, mabakiteriya amagwiritsa ntchito okosijeniyo kudya zonyansa, ndipo zonsezi zimachitika popanda injini, monga momwe maiwe a suweji a ku Kauma mu Lilongwe amagwirira ntchito. Koma madzi otuluka amakhala obiriwira ndi ndere yomweyo, ndipo pa sikelo ya boma ndere nayo ndi chinyalala choyandama. Madzi obiriwirawo akalowa m'njedza yothinana, dzuwa silifikanso pamadzi, ndere imafa n'kukhazikika pansi. Mapesi ndi mizu yomira m'madzi zimachedwetsa madzi ndi kugwira tinthu toyandama ngati sefa ya ufa, ndipo pa phesi lililonse pamamera kanembanemba koterera ka mabakiteriya amene amapitiriza kudya zotsala. Chomera chenichenicho chimayamwa pang'ono chabe. Ntchito yake yaikulu ndi kupereka mthunzi ndi malo okhala a tizilombo togwira ntchitoto. Anapezanso kuti dambo lodzaza zomera kuyambira kumutu mpaka kumchira si labwino koposa, chifukwa madzi ake amasowa okosijeni. Pamafunika kusiya mipata ya madzi otseguka pakatipakati, pomwe mphepo ndi zomera za pansi pa madzi zimabwezeretsa mpweya. Ndipo taonani kukoma kwake: mipata yomweyo ndi imene abakha a m'tchire amafuna kuti atere ndi kudya! Chimene injiniya ankafuna pa madzi ndi chimene mbalame inkafuna pa chakudya zinapezeka kuti ndi chinthu chimodzi.

Kafukufuku ali m'kati, tauni sinakhale pansi kudikira. Ndi thandizo la bungwe la California Coastal Conservancy anayamba kukonza bwinja lija. Phiri la zinyalala analikwirira bwino ndi dothi, udzu n'kumera. Anakumba madambo atatu ndi dziwe lalikulu la madzi osakanikira mchere, ndipo mu 1981 anatsegula malowo, maekala 75 oyamba. Mu 1983 boma linavomereza umboni wa timadambo toyesera tija, ndipo mu 1986 dongosolo lonse linayamba kugwira ntchito. Pofika nthawiyo maganizo a fakitale yaikulu ndi paipi yake yapansi pa nyanja anali atafa kale, ndipo Arcata inawononga ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa chintchito chija.

Madzi amene munthu wa ku Arcata wagujumula m'chimbudzi amayamba adutsa pa zitsulo zokola nsanza ndi mapulasitiki, kenako m'thanki momwe zolemera zimakhazikika. Matope okhazikikawo amawoletsedwa m'thanki ina yotseka n'kudzasanduka manyowa. Madzi amapita ku maiwe akale aja, kuchoka apo m'madambo a njedza oyeretsera, kenako m'madambo atatu omwe anthu amayendamo, ndipo amaphedwa tizilombo toyambitsa matenda asanatayidwe. Ulendo wonse umatenga masabata angapo, ndipo mbali yaikulu ya ntchito imagwiridwa ndi dzuwa, mphepo, zomera ndi mabakiteriya, zimene sizitumiza bilu ya magetsi.

Tsopano tiyeni tiyendemo. Arcata ili panjira yaikulu ya mbalame zosamuka, zimene chaka ndi chaka zimatsika kuchokera ku Alaska ndi Canada kulowera kumwera n'kudzabwereranso. Madambo ambiri a m'mphepete mwa nyanja ya California anatha kale, tsono malo opumirapo aliwonse ndi amtengo wapatali kwa mbalamezi, ndipo zinaupeza msanga mudzi watsopanowu. Madzi a m'nyanja akaphwa, matope a m'mphepete amadzaza mbalame za miyendo yaitali zikujompha, zikwizikwi, ndipo khwimbi lonse likadzuka pamodzi n'kukhota m'mwamba munthu amangoti kukamwa yasa! Akakowa oyera amaima chilili m'mphepete mwa njedza. Abakha a mitundumitundu amasambira m'mipata ija ya madzi otseguka. Akatumbu amasewera m'madzi ndi kusaka nsomba, ndipo katumbu sakhala pomwe palibe chakudya. Pamwamba pa Mount Trashmore, pomwe kale ankakhuthulirapo zinyalala, lero anthu amakwerapo ndi magalasi oonera patali kuti aone nyanja yonse bwinobwino. Dziwe la zipika lija linasanduka dziwe la madzi abwino lozunguliridwa ndi mitengo. Othamanga m'mawa, amayi okankha ana m'tingolo, agogo oyenda ndi agalu, ojambula zithunzi, onse amabwera mwa kufuna kwawo kudzapuma pa malo oyeretsera suweji. Mu 1993 anatsegula nyumba yofotokozera alendo za dambolo, anthu odzipereka amayendetsa alendo Loweruka, ndipo mwezi wa April chaka chilichonse kumachitika chikondwerero cha mbalame chotchedwa Godwit Days, chimene chimakoka anthu ochokera kutali. Mu 1987 Arcata inalandira mphotho ya luso latsopano pa kayendetsedwe ka maboma, yochokera ku Ford Foundation ndi Harvard.

Chinthu chimene chimandisekerera mumtima ndi maina a pa mapu. Madambo atatu aja amatchedwa Allen Marsh, Gearheart Marsh ndi Hauser Marsh, ndipo dziwe lalikulu ndi Klopp Lake. Aphunzitsi ambiri a ukachenjede akapuma pa ntchito amasiya mabuku pa shelefu, mwinanso dzina pa chitseko cha holo. Awa anasiya madambo momwe abakha amaikira mazira, ndipo mwana wa sukulu ya pulayimale amatchula maina awo akulozera mbalame.

Munthu wofuna kukhala mphunzitsi wa uinjiniya wa zachilengedwe pa yunivesite ya ku America amayenda ulendo wautali. Amafunika digiri ya udokotala, amayamba pa mpando wotsika wa upulofesa, ndipo pakatha zaka pafupifupi 6 anzake amamuunika pa zinthu zitatu, kaphunzitsidwe, kafukufuku ndi kutumikira anthu, asanamukhazikitse pa ntchito. Achinyamata ambiri olowa ntchitoyi amadandaula kuti zitatuzi zimalimbirana nthawi: ukakonzekera bwino kalasi pepala la kafukufuku limagona, ukathamangitsa ndalama za kafukufuku ophunzira amakusowa mu ofesi, ndipo misonkhano ya khonsolo imaoneka ngati yongotaya madzulo. Dandaulo limeneli ndi loona ndithu. Koma Humboldt State inali m'gulu la mayunivesite a boma la California amene ntchito yawo yaikulu ndi kuphunzitsa, opanda gulu la ophunzira a udokotala loti ligwire kafukufuku, ndipo kusowa kumeneko kunabala chinthu chabwino. A Gearheart anagwira ntchito ndi amene anali nawo, ophunzira a digiri yoyamba ndi yachiwiri, tsono labotale ya kalasi inali kafukufuku yemweyo, ndipo kafukufukuyo anali umboni umene tauni inkaufuna pamaso pa boma. Zitatu zija zinakumana m'botolo limodzi la madzi a m'dambo. Ine ndimakhulupirira kuti phunziro ili liyenera kuphunzitsidwa choncho kulikonse, chifukwa palibe yunivesite imene ili kutali ndi ngalande yonunkha, chitsime choipitsidwa kapena mtaya wodzaza, ndipo wophunzira sangaphunzire kuyeza madzi pa bolodi.

Phindu lake silinathere ku Arcata. Zotsatira za timadambo tija zinalowa m'mabuku a akatswiri ndi m'malangizo a bungwe la boma loteteza chilengedwe la EPA okhudza madambo oyeretsera suweji, ndipo alendo ochokera m'matauni ndi m'maiko ena akhala akubwera kudzaona ndi maso awo. Ophunzira amene anatunga madzi m'mabotolo aja anabalalikira m'makhonsolo, m'makampani a uinjiniya ndi m'maofesi a boma oyang'anira madzi, atanyamula chidziwitso choti thanki ya simenti si yankho lokhalo. Sikuti dambo lingakwanire paliponse. Limafuna malo aakulu, ndipo mzinda wa anthu mamiliyoni sungapeze maekala okwanira. Koma kwa tauni yaing'ono yokhala ndi malo ambiri ndi ndalama zochepa, njira imeneyi inatsegula khomo limene poyamba linkaoneka lotseka.

Dambo ndi chamoyo, ndipo chamoyo chimakalamba. Patapita zaka makumi angapo matope anaunjikana pansi pa maiwe, njedza yakufa inatseka njira zina za madzi, malamulo a boma anakhwima kuposa a 1986, ndipo panali nthawi zina pamene madzi otuluka sankafika pa muyeso. Tauni yakhala ikukonzanso makina ake akale, kuphatikizapo kusiya kolorini n'kuyamba kupha tizilombo ndi kuwala kwa UV, koma madambo anawasunga m'dongosolo. Funso lalikulu la tsopano likuchokera kunyanja. Ku Humboldt Bay nthaka ikutsika pang'onopang'ono pamene madzi a m'nyanja akukwera, moti kumeneko madzi akukwera mofulumira kuposa kwina kulikonse m'mphepete mwa California, ndipo maiwe ndi madambo onsewa ali kuseri kwa makoma a dothi omangidwa pa matope. Kodi makomawo akwezedwe, kapena kutsogolo kwake kudzalidwe dambo la madzi amchere loti lizithyola mafunde, kapena gawo lina la ntchitoyi lisamukire kumtunda? Mafunso amenewa ali kale m'manja mwa akatswiri a khonsolo ndi aphunzitsi a pa chitunda paja, ndipo ophunzira a chaka chino, amene ambiri anabadwa dambolo litakwanitsa kale zaka 15, akutsikabe ndi mabotolo ndi jombo zawo kukatunga madzi ku Gearheart Marsh.